Ana Akuyamba Kujomba: Komiti Ichitepo Chiyani?

Funso: Ine ndine mayi wa ana anayi ndipo ndili m'komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwathu. Chaka chilichonse ana ambiri amalembetsa mu Sitandade 1, koma teremu yachiwiri ikayamba amayamba kujomba, ena mpaka kusiyiratu sukulu. Aphunzitsi amawapatsa zibalo akabwera, koma palibe chikusintha. Kodi ife a komiti tingathandize bwanji? — Mayi wodandaula, Dedza

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Kuyambira mu 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, kulembetsa mwana kunakhala kosavuta, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 likukakamiza kuti mwana aliyense aphunzire pulayimale, koma ntchito yaikulu yatsala pa kumusunga mwanayo m'kalasi tsiku ndi tsiku.

Langizo langa ndi lakuti musadikire kuti teremu ithe. Gwirizanani ndi aphunzitsi aakulu kuti komiti iziona kaundula sabata iliyonse, ndipo mwana akajomba masiku awiri kapena atatu otsatizana, amayi a mother group (gulu la amayi lolimbikitsa ana kuti asasiye sukulu) apite kwawo kukacheza ndi makolo mwaulemu, osati kukawaopseza. Mwana amene wakhala kunyumba mwezi wathunthu amabwerera atatsalira pa kuwerenga, amachita manyazi pakati pa anzake, ndipo chibalo chimangomuonjezera chifukwa chothawira.

Ulendo umenewu ndi umene udzakuuzeni gwero la vutolo. Teremu yachiwiri imagwa m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zilibe kanthu, ndipo ana amatumidwa kukagwira ganyu kapena kulera ang'ono awo makolo ali kumunda. Pa vuto limeneli phala limathandiza kwambiri. Bungwe la Mary's Meals linayamba kudyetsa ana 200 kuno ku Malawi mu 2002, ndipo kumene phala likuphikidwa aphunzitsi amachitira umboni kuti ana amalawirira. Ngati sukulu yanu ilibe bungwe lotere, pemphani amfumu malo a munda wa sukulu kuti makolo alime chimanga ndi soya. Mabanja ovutikitsitsa muwaperekeze kwa alangizi a zachitukuko kuti akafunse za Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imaonjezera ndalama pa mwana aliyense wa pasukulu.

Si ana onse amene amajomba chifukwa cha njala. Ena akudwala malungo pafupipafupi, ndipo ena saona bwino pabolodi kapena samva bwino. Otere akufunika kuchipatala, ndiponso mpando wa kutsogolo m'kalasi.

Ndikulimbikitseninso kuti ana azilembetsa ali ndi zaka 6, atadutsa kusukulu ya mkombaphala ngati ilipo, chifukwa amene amayamba atakula ndi amene amakopeka msanga ndi msika ndi ganyu. Zimene mudzapeze m'makomomo muzilembe, ndipo mukazipereke kwa a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) a zoni yanu pamsonkhano wotsatira.