Funsani amakaniko: Land Rover ikungolira osasuntha, ndigule ekiselo ina?

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ine ndili ndi Land Rover yakale yayitali ija, 109 Series 3, anandisiyira malemu bambo anga ndiye ndimanyamulira mbatatesi kuchoka kumudzi kukafika nazo kumsewu wa tala. Tsiku lina ndikunyamuka pa chitunda nditapakira kunamveka kuti phwa! chakumbuyo, basi injini ikungolira koma galimoto osasuntha. Nditadina kandodo ka mutu wachikasu kaja inayamba kuyenda mpaka ndinafika kunyumba. Makaniko wakwathu kuno sanatsegule n'komwe wangoti difu yatha, ndipo akuti kuli munthu ku Lilongwe akugulitsa ekiselo yathunthu yochotsa pa Defender. Ndigule? Komanso ndingadziwe bwanji mtundu wa ekiselo yomwe ili pa galimoto yangayi poti ena akuti ndi Salisbury ena akuti ayi.
Mlimi, Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Achimwene, ndalamazo zibwezereni kaye m'thumba. Makaniko woweruza difu asanamasule ngakhale bawuti imodzi ine sindimukhulupirira kwenikweni, chifukwa pa zinthu zitatu zomwe zingapangitse zimene mwafotokozazi, fulanji, shafuti ndi difu, difu ndi yomaliza kuiganizira, ndiponso ndi yodula kuposa zinzake.

Nkhani yabwino ndi yoti kandodo kachikasu kakuuzani kale zambiri. Kameneka kamalumikiza mawilo akutsogolo, ndiye ngati galimoto inayenda mutakadina ndiye kuti injini, kilatchi ndi giyabokosi zili bwinobwino, vuto lili kumbuyo basi. Difu imagawa mphamvu ku mawilo awiri, koma ili ndi khalidwe loti mbali imodzi ikaduka mphamvu yonse imathawira kodukako, wilo linalo limangokhala chete. N'chifukwa chake shafuti imodzi yokha, chitsulo chochoka ku difu kukazunguza wilo, ikathyoka galimoto yonse imaima ngati zonse zatha.

Ndisanapitirire, chenjerani ndi ichi chifukwa chavulaza anthu. Handibuleki ya Land Rover siigwira mawilo, imagwira pulopela, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku difu, kuseri kwa giyabokosi. Ndiye panopa kumbuyo kwadukaku handibuleki yanu ilibe ntchito, mukaimika pa mtsetse galimoto ipita yokha. Ikani miyala ku mawilo onse musanalowe kunsi, ndipo ana asamasewere pafupi.

Tsopano za mtundu wa ekiselo. Ma Series 3 anapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndiye yanuyo yadutsa m'manja ambiri, musadalire mapepala kapena zonena anthu, gwadani kumbuyo kwa galimoto muyang'ane chimimba cha pakati pa ekiselo. Mukaona chivundikiro chomangidwa ndi mabawuti kuzungulira, choti mutha kuchichotsa n'kuona magiya muli chakumbuyo komweko, imeneyo ndi Salisbury, yayikulu, yolemera, ndipo ma 109 ambiri a Series 3 anabwera ndi imeneyi. Mukaona kuti kumbuyoko n'kosalala kowotcherera, kopanda mabawuti, ndipo manati ali chakutsogolo komwe kukuchokera pulopela, imeneyo ndi ya mtundu wa Rover, difu yake imatuluka yonse pamodzi chakutsogolo. Kusiyana kwina kuli pa mashafuti, ya Salisbury ili ndi mano 24 kumapeto pomwe ya Rover yakale ya Series ili ndi mano 10 akuluakulu. A mano 10 amenewa ndi otchuka pothyoka, makamaka munthu ukapakira kwambiri n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi pa chitunda, zomwe ndikuganiza kuti n'zomwe zinachitika tsiku limenelo ngakhale simunanene.

Kupeza chomwe chaduka sikufuna jeke n'komwe. Ekiselo zimenezi kulemera kwa galimoto kumakhala pa maberingi a habu, shafuti ntchito yake n'kuzunguza basi, ndiye mutha kuisolola wilo lili pansi. Zimitsani injini, miyala ili m'malo, kokerani kandodo kofiira kumbuyo n'kukabwezeranso kutsogolo kuti kachikasu kaja kadzuke, ikani giya pa nyutulo ndipo masulani handibuleki. Chotsani tizipewa tapakati pa mawilo akumbuyo kuti nsonga za mashafuti zioneke. Wina alowe kunsi azizunguza pulopela ndi manja inu mukuyang'ana nsongazo. Mukaona nsonga ikuzungulira mkati mwa fulanji, kambale kachitsulo kolumikiza shafuti ndi wilo, koma fulanjiyo ili phee, thokozani Mulungu, mano a fulanji ndi amene aperepeseka. Pa Salisbury zimenezi n'zofala kwambiri, pamauma popanda gilizi, ndipo mukachotsa kachipewa mumapeza fumbi lofiira la dzimbiri ngati dothi la katondo. Pamenepa mugula fulanji, ndipo ngati mano a shafuti nawo asongoka mugula ndi shafuti yomwe, osaphatikiza fulanji yatsopano ndi shafuti yodyeka chifukwa sizichedwa kudyananso. Pomanga pakani gilizi wambiri pa manopo.

Ngati nsonga zonse ziwiri sizikugwedezeka pomwe pulopela ikuzungulira mopepuka, masulani mabawuti 6 a fulanji musolole shafuti, mbali zonse ziwiri. Yothyoka idziwika yokha, ituluka yayifupi yopanda mano kumapeto kwake, chifukwa nthawi zambiri zimadukira chamkati pafupi ndi difu ndipo chidutswa chimatsalira momwemo. Yomwe yaoneka yamoyo nayonso iyang'anitsitseni, mano ake akakhala kuti apotoka pang'ono ndiye kuti ili panjira, sinthani zonse. Pogula nenani mbali, sizofanana kutalika, yakumanja ndi yayifupi yakumanzere ndi yayitali poti difu siili pakati penipeni. Bwinonso kunyamula yakaleyo kupita nayo kogula mukawerenge mano pamaso pa wogulitsa.

Chidutswa chotsalira chija ndiye ntchito yeniyeni. Pa Rover mukhetsa oyilo, mumasula pulopela, mumasula manati ozungulira aja n'kutulutsa difu, koma samalani zala ndi yolemera. Mukatero gogodani chidutswacho chituluke, tsukani mkati monse mwa ekiselo ndi palafini ndipo mudutsitsemo maginito, chifukwa kachitsulo kamodzi kotsalira kakalowa pakati pa mano a magiya ndiye difu yomwe inali yabwino ija yatha zenizeni. Pa Salisbury mungochotsa chivundikiro n'kuona zonse. Koma ngati mwapeza kuti mano a giya yayikulu abenthuka, imeneyo musalimbane nayo pansi pa mtengo. Kuti difu ya Salisbury ituluke bwino pamafunika chida chokanulira chimimba chija pang'ono, ndipo kuikhazika kuti mano akumane bwino kumafuna munthu wa zoyezera, apo ayi izingolira muluzu mpaka kutha.

Za ekiselo ya Defender ija, ayi musagule. Defender imakhala pa masipuling'i ozungulira pomwe yanu ili pa masipuling'i a zitsulo zafulati zosanjikiza aja, zokhalira zake n'zosiyana, komanso ndi yotambalala kuposa ya Series. Ena amadula n'kuwotcherera, chabwino, koma vuto lalikulu ndi magiya. Difu ya Series ndi 4.7 pomwe ya Defender ndi 3.54 (manambalawa ndi maulendo omwe pulopela imazungulira kuti mawilo azungulire kamodzi), kutanthauza kuti mukadina kachikasu mawilo akumbuyo azifuna kuthamanga kuposa akutsogolo, ziziumirizana mpaka china chithyoke, ndipo chothyokacho chitha kukhala mu giyabokosi. Ekiselo kapena difu iliyonse yomwe angakuonetseni iyeseni nokha: gwirani wilo limodzi lisayende, lembani choko pa wilo linalo ndi pomangira pulopela, zunguzani wilolo kawiri kathunthu mukuwerenga. Pomangira pulopela pakazungulira pafupifupi kasanu, kuperewera pang'ono, ndi 4.7. Pakazungulira katatu ndi theka ndi 3.54, isiyeni. Ndipo ngati mukusintha kuchoka pa Rover kupita pa Salisbury ya Series, dziwani kuti mphuno ya Salisbury ndi yayitali ndiye ifunanso pulopela yake yayifupi.

Pomaliza kumanga thirani oyilo wa EP90 mpaka ayambe kutuluka pa bowo lothirira, galimoto ili pamalo osapendekeka. Pamwamba pa ekiselo pali kopumira kakang'ono komwe kamatsekeka ndi matope a nthawi ya dzinja, kamasuleni mukatsuke, chifukwa kakatsekeka oyilo akatentha amakankha masilo otchinga oyilo n'kukanyowetsa mabuleki. Ndipo mpaka mutakonza, musapakirenso mbatatesi mukuyendera mawilo akutsogolo okha, mashafuti akutsogolowo ndi ang'onoang'ono sangapirire katundu wa 109 pa zitunda za ku Tsangano.