Kiyibodi yanu siinawonongeke: za Meantone ndi Werckmeister

Funso: Ndimayimba kiyibodi m'kwaya ya kwathu ku Zomba. Tsiku lina ndinasintha kachunidwe kake kukhala Meantone. Nyimbo ya mu kiyi ya C inamveka mokoma kuposa kale, koma titalowa mu A flat, anzanga anati chida chawonongeka. Kodi chinalakwika n'chiyani?

Yankho: Pepani ndi nkhawayo, koma chida chanu chili bwinobwino, ndipo zimene munamvazo ndi zomwe ochuna malimba a ku Ulaya analimbana nazo kwa zaka mazana ambiri.

Do ndi so zimagwirizana kotheratu pamene so akunjenjemera katatu pa kawiri kalikonse ka do. Mukakwera motero ka 12, mumayenera kubwerera pa noti imene munayambira, koma mumapitirira ndi masenti (muyeso wa mtunda wa pakati pa manoti) pafupifupi 23.5, pamene kuchoka pa noti imodzi ya pa kiyibodi kufika pa yoyandikana nayo ndi masenti 100. Kotsalako sikangafufutidwe, choncho wochuna aliyense amasankha kokabisa.

Kachunidwe ka masiku ano ka Equal kamagawa kotsalako mofanana, moti do ndi so zimatalikirana masenti 700 m'malo mwa 702. Apa khutu silidandaula, koma do ndi mi zimafika pa 400 m'malo mwa 386, ndipo mukagwira C ndi E kwa kanthawi mudzamva mawu akugwedezeka ngati madzi a m'beseni. Meantone, amene Pietro Aron, katswiri wa nyimbo wa ku Italy, anamufotokoza m'chaka cha 1523, amachepetsa pang'ono mtunda wa do ndi so kuti do ndi mi zikhale bata. Ndiko kukoma kumene munamva mu C. Mtengo wake ndi wakuti zotsala zonse zimaunjikana pakati pa G sharp ndi E flat, malo amene akale anawatcha mmbulu chifukwa cha kulira kwake koipa, ndipo A flat wanuyo anaponda pomwepo.

Andreas Werckmeister wa ku Germany, m'buku lake la 1691, anagawa kotsalako pa malo 4 okha, C ndi G, G ndi D, D ndi A, komanso B ndi F sharp, kuti makiyi onse aziyimbika koma iliyonse ikhale ndi kamvekedwe kakekake. Nkhani ya kachunidwe kamene Johann Sebastian Bach, wopeka nyimbo wa ku Germany, ankafuna pa nyimbo zake za 1722 zodutsa m'makiyi onse 24 akatswiri amatsutsanabe.

Ine ndikanakonda kuti musathawe Meantone, chifukwa kwaya yophunzira do ndi mi za bata imayamba kumvetserana bwino. Muyeseni pa nyimbo za mu C, F, G ndi D, ndipo ngati kiyibodi yanu imalola kusankha noti yoyambira, isintheni nyimbo ikapita ku A flat. Pamene mukuyimba limodzi ndi gitala, bwererani ku Equal, popeza timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala tinayikidwa motsatira kachunidwe kameneko.