Ndinanena "chofiira" koma sanasiye

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuti ndiyankhe pano osatchula dzina. Iye ndi mwamuna wake anayamba masewera a BDSM chaka chatha: kumangana manja, wina kulamula wina kumvera, timbama tapang'ono. Anagwirizana kuti wina akangoti "chofiira", zonse ziime. Usiku wina mayiyu ananena kawiri, koma bambowo anapitiriza ndithu, kenako n'kumati, "Ndimayesa ukungosewera." Funso lake ndi lakuti: kodi wolakwa ndine chifukwa sindinakuwe?

Ayi achemwali, simunalakwe.

Liwu loimitsali, limene pa Chingerezi amati safe word, lilipo chifukwa m'masewera otere "ayi" ndi "ndisiye" amatha kukhala mbali ya seweroli. Ndiye anthu amasankha liwu lina loti silingasokonekere. Ambiri amatengera maloboti apamsewu: chobiriwira pitiriza, chachikasu chepetsa ndipo undifunse, chofiira ima pompo. Amuna anu akamati amayesa mukusewera, akukana ntchito yeniyeni ya liwulo. Likamveka, ngakhale monong'ona, munthu amasiya, amamasula zingwe, mafunso pambuyo.

Mu 1983, David Stein, wochita BDSM wa ku New York, analemba mawu amene anafala kwambiri pakati pa ochita BDSM: "safe, sane and consensual", kutanthauza zotetezeka, zochitidwa mutu uli bwinobwino, komanso zovomerezana. Pa mutu wabwinopo ndi pamene ine ndimakanira mowa m'zinthu izi. Woledzera samva liwu, samvanso kuti chingwe chathina mpaka zala zachita dzanzi. Ndipo zimene munavomera dzulo sizikukumangani lero.

Pakamwa pakatsekedwa, womangidwa afumbate makiyi. Makiyiwo akagwa pansi, ndiye chofiira chimenecho. Komabe munthu amatha kuuma ndi mantha, osayankhula osasuntha, choncho wolamulayo azifunsa yekha kuti, "Tili pa mtundu wanji?" Mnzake akangoti zii, aime.

Za kufinya pakhosi, ndinene mosabisa: palibe liwu lingakutetezeni. Munthu amakomoka m'masekondi ochepa asanatulutse mawu. Ku England ndi Wales, lamulo la Domestic Abuse Act la 2021 linatsindika kuti munthu sangadziteteze kukhoti ponena kuti mnzake anavomera kuvulazidwa kwambiri pogonana.

Tsopano zanu. Muyankhule nawo masana, mutavala, kutali ndi kuchipinda. Muwauze kuti, "Ndinanena kawiri, simunasiye, ndipo ndinachita mantha." Kenako mukhale chete, muone nkhope yawo. Akagwidwa manyazi n'kupepesa popanda kuwonjezera "koma iwenso", pali poyambira, ngakhale zingwezo zikhale kaye mu drowa kwa nthawi imene inuyo mungafune. Akapsa mtima, akakusekani, kapena mukamaopa ngakhale kuyambitsa nkhaniyi, zimenezo si BDSM, ndi nkhanza. Muuze munthu amene mumamukhulupirira kapena mlangizi wothandiza ochitiridwa nkhanza m'banja, ndipo musalolenso kumangidwa manja.