Bambo anga anachitidwapo opaleshoni ya chifu, pano akuti ali ndi khansa ya kummero

Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 63. Kalekale anawang'amba pamimba chilonda cha m'chifu chitaboola. Miyezi isanu yapitayi nsima inayamba kuwatsamwitsa, tinkangowagulira mankhwala a zilonda za m'mimba. Pano akungomwa phala lamadzimadzi ndipo awonda. Atawaunika ndi kamera ku Queens apeza khansa ya kummero. Amalume akuti tisalole kuti awang'ambenso chifukwa khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira. Titani? Ndine mayi wa ku Lunzu.

Mayi, ndikuona kuti mukuopa kuti mukasayina pepala la opaleshoni, bambo n'kupita, mlandu udzakhala wanu. Choyamba, opaleshoni yakale ija sindiyo yabweretsa khansayi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri odwalawo mpeni sunawakhudzepo. Fodya, kachasu ndi kumwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri ndi zina mwa zomwe zimaonjezera chiopsezo.

Za amalumewo ndazimva kambirimbiri. Mpeni sudzutsa khansa. Chimachitika n'chakuti wodwala amafika mochedwa, madokotala potsegula amapeza nthenda itafika kale kuchiwindi, ndipo akamwalira abale amaloza chala opaleshoni. Chomwe chinapatsa khansa mpata ndi miyezi imene munthu anakhala pakhomo akumwa mankhwala ogula pagolosale. Apa ndikudzudzuleni pang'ono: nsima kukakamira pakhosi si zilonda za m'mimba. Munthu wamkulu akavutika kumeza kwa masabata awiri okha, ayenera kuunikidwa.

Opaleshoni yakale ili ndi gawo lake ndithu. Tikachotsa mmero wodwala, nthawi zambiri timakoka chifu n'kuchipanga ngati paipi yolowa m'malo mwake. Ngati poyamba anangosoka bowo, chifu chija chingagwirebe ntchito. Koma ngati anadulako mbali ina, dokotala amagwiritsa ntchito chidutswa cha matumbo aakulu kapena aang'ono. Imeneyi ndi opaleshoni yaitali, yofuna munthu wamphamvu, ndipo si aliyense amene imamuyenera. Khansa ikakhala kuti yapita patali, amaika kapaipi kachitsulo kotchedwa stent kamene kamatsegula njira, munthu n'kuyambanso kumeza patangopita masiku ochepa. Ena amapatsidwanso mankhwala a khansa.

Sabata ino yomwe, funafunani buku lakale la kuchipatala la bambo. Ngati linatayika, kumbukirani chaka ndi chipatala chimene anachitidwira, muwauze madokotala. Afunseni mwachindunji ngati khansayo yafalikira, ndi chimene angachite kuti bambo azidya. Amalume muwatenge, akafunse okha. Podikira tsiku, phala likhale lofunda chabe, muzithiramo nsinjiro, mkaka kapena dzira, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Akayamba kulephera kumeza madzi kapena malovu, kapena kutsokomola nthawi iliyonse akamwa, musadikire tsiku limene anakulemberani, pitani nawo tsiku lomwelo.