Za kaliyala wanu ndi ulendo wa ku Nyika

Achimwene, mwafunsa ngati kaliyala amene munawotcheretsa pa Prado yanu anganyamule zigubu zinayi za dizilo, tayala lachiwiri la sipeya ndi tenti popita ku Chelinda, m'paki ya Nyika. Kaliyalayo mwina angapirire, chifukwa owotcherera athu saumira chitsulo. Chimene chindidetsa nkhawa ine ndi denga la galimoto ndi timiyendo tomwe kaliyalayo wakhalirapo.

Yambani mwatsegula buku la galimoto yanu, muone kulemera komwe denga limaloledwa kunyamula galimoto ikuyenda. Magalimoto ambiri amtunduwu amalola pakati pa makilogalamu 50 ndi 100 basi. Nambalayo imawerengera ndi kaliyala yemwe, ndipo wachitsulo wodzaza denga lonse amatha kulemera makilogalamu 30 kapena 40 payekha. Mukachoka pa tala, nambalayo itsikenso. Makampani ena opanga makaliyala, monga Rhino-Rack, amati muigawe ndi 1.5 mukalowa msewu wa fumbi, poti galimoto ikamadumpha m'mabampu katundu amamenya denga ndi mphamvu yoposa kulemera kwake.

Ndiye tiwerengere limodzi. Tinene kuti buku lanu likuti 100. Pa fumbi zatsala 66. Chotsanipo 35 za kaliyala, mwatsala ndi makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono. Chigubu chachitsulo cha malita 20 chodzaza dizilo chimalemera pafupifupi makilogalamu 21, ndiye zinayi zadutsa kale 80. Tayala ndi limu yake ndi 30 zina. Tenti sitinaikwezebe. Mukuona nokha.

Kusweka kwa denga ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi kugubuduzika. Prado ndi yaitali kale, ndipo katundu wolemera akakhala pamwamba imayenda mopendama ngati mayi wosenza ndowa yosefukira pamsewu woterera. Kuchoka ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pachipata cha Thazima, kenako kukwera mpaka ku Chelinda, ndi makilomita opitirira 100, ndipo mbali yaikulu ndi fumbi, miyala, makona ndi malo otsetsereka chammbali. Mukakhotetsa mwadzidzidzi pothawa dzenje kapena mbuzi, kulemera kwapamwambako kumakokera galimoto kunja kwa kona, matayala a mbali inayo n'kunyamuka. Mabuleki nawo amachedwa kugwira potsika. Ngati mukuganiza zodzeranso ku Livingstonia pa msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba, wamakona okhota ngati aja, ndiye ndi katundu wolemera padenga musayerekeze n'komwe.

Ine ndikanachita chonchi. Pamwamba pakhale zinthu zotenga malo koma zopepuka: tenti yansalu, matiresi, mipando yopinda ndi mabulangete, omwe mudzawafune zedi chifukwa ku Chelinda, pamtunda wopitirira mamita 2,000, kumazizira kwabasi, makamaka mu June ndi July. Tayala, madzi akumwa, jeke ndi zipangizo zikhale pansi kumbuyo, zotsamira mipando, zomangidwa kuti zisaulukire anthu mukaponda buleki. Madzi musawaderere, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi.

Za dizilo, dzazani thanki ku Rumphi chifukwa m'pakimo musayembekezere kupeza mafuta. Kodi zinayi zonsezo mukuzifunadi? Werengani mmene galimoto yanu imamwera, mwina ziwiri zikwana. Zikhale zigubu zachitsulo zotseka bwino, zoimirira pansi kumbuyo, ndipo muzithire m'thanki malo akangopezeka. Zigubu za mafuta ophikira zija zimatuluka thukuta pachivindikiro, fungo lake lidzakudwalitsani mutu musanafike ku Bolero. Petulo yekha asalowe m'kati mokhala anthu.

Pomanga, malegeni asiyireni a kabaza. Amatamuka, katundu n'kumayenda uku ndi uku. Gulani malamba okoka ndi chitsulo aja, mumange mopingasa, katundu akhale pakati pa denga osati kumapeto. Mukangoyenda makilomita ochepa pa fumbi imani, mukoke malamba, mugwire mabawuti a timiyendo ndi sipanala. Mabampu ang'onoang'ono otsatizana aja ndi amene amamasula mabawuti ndi kung'amba powotcherera. Mukaona dzimbiri lofiira ngati ufa pamphepete pa kamwendo, dziwani kuti pakugwedera, ndipo pakonzedwe musanapitirire.

Munatiuza kuti kaliyalayo sanayesedwe pa sikelo. Musananyamuke mutsitseni, mupite naye kwa ogula mbewu amene ali ndi sikelo yopachika, mudziwe kulemera kwake kwenikweni, ndiye muwerengenso masamu aja ndi nambala ya m'buku lanu.