Alamu, dothilo musalitembenuzenso

Eee, alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumva, zithunzi mwaika pagulupuzi ndazionanso. Ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kundichedwetsa. Mukuti dothi lija anakutsitsirani pa lole masabata awiri apitawa, mwasalaza m'mabedi, mwathirira, lero pangoti biriwiri udzu wokhawokha musanadzale kanthu. Ndiye mukufunsa ngati anakuchenjererani ogulitsawo, komanso ngati mulimenso kapena mupopere mankhwala.

Ayi, sanakuchenjerereni. Dothi lapamwamba ndi mmene mumagwera njere za udzu chaka ndi chaka. Zimagona mmenemo, zina zaka zambirimbiri, kudikira kuwala ndi chinyezi. Pokumba paja, kukweza mu lole, kutsitsa, inu kusalaza ndi reki, zabwera pamwamba, madzi anu aja n'kuzidzutsa. Ine dothi limene lingandidetse nkhawa ndi loti mwathirira masabata awiri koma osamera kalikonse.

Ndiye chonde chonde, khasu musalilowetse pansi. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzivutitsa. Tinjere ting'onoting'onoti timamera tikakhala pafupi, masentimita osapitirira 5 kuchokera pamwamba. Zapansizo zikugonabe. Mukatembenuza, mwakwirira wameraowo, koma mwatulutsa njere zina zatsopano, sabata yamawa pamera penanso.

Chitani chonchi. Mbewu zanu zidikire kaye. Thirirani mabediwo ngati mwadzala kale, udzuwo utuluke wonse umene ukufuna kutuluka. Ukadali ndi timasamba tiwiri, mukazula kamodzi muona kamuzu koyera, kowonda ngati ulusi. Nthawi yake ndi imeneyo. Palani mopepuka ngati mukumeta, masentimita 2 basi. Muchite m'mawa tsiku ladzuwa, pofika masana wafota wonse. Thiriraninso, dikirani masiku 10 kapena 14, mubwereze. Kawiri, katatu, muona nokha kuti ukutuluka wa apa ndi apo. Podzala mungoboola pamene pakulowa mbewu pokha, kwinako musakugwedeze, kenako muphimbire ndi udzu wouma wopanda njere, wochindikala masentimita 5 kapena kuposa, kuwala kusafike pansi. Chisoso ndi bonongwe zimagonja choncho, bola zisafike pochita maluwa, chifukwa tsinde limodzi la bonongwe limawaza njere masauzande ambirimbiri.

Koma chithunzi chachiwiri chija, chapafupi ndi mpopi, n'chimene chandiimitsa mutu. Masamba owongoka, onyezimira aja akuoneka ngati dawe. Tathyolani tsinde limodzi mulipotokole pakati pa zala. Likakhala la ngodya zitatu, ndi dawe ameneyo. Iyeyu kupala sikumupha, kuzula ndi manja ndiye amangoduka, pakatha masiku ochepa waphukanso. Moyo wake uli pansi, m'timbatata tolimba tolumikizana ndi timitsitsi towonda. Pamalo pokhapo ndi pamene mukumbe, ndi foloko, dothi lili lonyowa, pang'onopang'ono, mukutsata kamtsitsi mpaka mutapeza kambatata kotsatira. Mwayi wanu ndi woti dothilo likadali lofewa, sanakhazikike, ndiye muyambe sabata ino ino. Kapinga chimodzimodzi, kachidutswa kamodzi kotsala kamayambanso. Khovani nayenso, watsinde lamadzimadzi uja, mukamusiya pansi ponyowa amagwira mizu pa mfundo. Atatu amenewa muziwayanika pa lata padzuwa aume gwa, ndipo musawaponye pa mulu wa kompositi. Ine ndinaponyapo dawe chaka china, manyowa aja n'kuthira m'mabedi onse, ndinalimbana naye zaka ziwiri. Mulu umapha njere pokhapokha ukatentha kwambiri mkati, cha m'madigiri 55 mpaka 60, ndipo milu yathu ing'onoing'onoyi kawirikawiri sifika pamenepo.

Za mankhwalazo, ine sindikukulimbikitsani. Glyphosate, mankhwala ophera udzu aja, amalowera m'masamba obiriwira, amapha chomera chimene chatuluka kale, njere zogona pansi sazikhudza. Mupopera lero, pakatha masabata awiri pamera wina. Pa mabedi ochepa ngati anuwo khasu likwana.

Ngati pali bedi limene simukufulumira nalo, nthawi yotentha mukhoza kulithirira kwambiri, n'kuyalapo pulasitiki yoonekera mkati, m'mphepete monse mukwirire ndi dothi, ikhale masabata 4 mpaka 6. Kutentha kumapsereza njere zapamwambazo. Dawe yekha ndiye amatha kuboola pulasitikiyo, nchifukwa chake muyambe mwamukumba.

Mawa mukakumba pafupi ndi mpopipo, mutsuke muzu umodzi munditumizire chithunzi, ndione ngati ali ndi timbatata. Apatseni moni ana.