Kwa achimwene ofunsa za tulo pamsewu wa Kasungu kupita ku Kanengo

Achimwene, mwafunsa kuti muzimwa chiyani kapena kutafuna chiyani kuti musamasinze mukanyamuka pa Kasungu 2 koloko usiku ndi soya wopita ku Kanengo, poti ma energy drink awiri amene mumamwa aja akumatha mphamvu musanafike n'komwe pa Mponela. Ndaona ena akuuzani za chingamu, ena kutsegula mawindo, wina mpaka wati muzitafuna tsabola. Ine ndayendetsa lole mumsewu umenewu zaka zambiri ndipo ndikuuzani zimene mwina simukufuna kumva: tulo timathera pogona basi. Zina zonsezo n'zongonyengerera.

Mwanena nokha kuti tsiku lonse mumakhala muli pa sikelo ku Chamama, kukweza matumba, kufika pa boma mdima utagwa, kugona maola atatu n'kudzukanso. Vuto lagona pamenepo. Kuyambira cha m'ma 2 koloko usiku mpaka kucha ndi nthawi imene thupi la munthu aliyense limafooka, kaya ndi chimphona chotani. Nthawi ina ndi masana, cha m'ma 1 mpaka 3 koloko, makamaka nsima ikakhazikika m'mimba. Inu mukunyamuka nthawi yoipitsitsa, tulo tadzulo musanatimalize. Ofufuza adapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuganiza ndi kuponda buleki ngati amene wamwako mowa.

Ine chidandiphunzitsa ndi ichi. Chaka china nyengo ya fodya ndidabwerera kuchokera ku Kanengo usiku womwewo nditatsitsa mabelo, chifukwa mwini lole ankafuna kuti m'mawa ndikwezenso ena. Ndikukumbukira kudutsa pa Madisi. Ndikukumbukira wailesi ikuyimba, windo lili pululu, mphepo ya June ikundiwomba kukhutu. Zapakati apo sindikuzidziwa mpaka lero. Chomwe chidandidzutsa ndi phokoso la miyala pansi pa matayala akumanzere, ndipo kutsogolo kwanga kunali ngolo yopanda nyali, ng'ombe ziwiri maso ali psuu m'magetsi anga. Ndidakhotetsa, lole idapendekeka n'kubwerera. Nditaima, miyendo inkanjenjemera moti sindinathe kutsika. Mwini ngoloyo sanandinyoze, anangondiyang'ana n'kupitiriza ulendo wake.

Chondiopsa n'chakuti sindinamve kuti ndagona. Tulo tapachiwongolero sitigogoda, timangokubani masekondi atatu kapena anayi, nthawi zina maso ali chitsegulire. Werengani nokha: pa sipidi ya 80, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Masekondi anayi ndiye pafupifupi bwalo lonse la mpira, lole yodzaza soya ikudziyendetsa yokha. Ndipo mukuwudziwa M1 usiku: akabaza opanda zowala, anthu ochokera kumowa, lole yofera pamsewu yomwe chizindikiro chake ndi nthambi ziwiri zamasamba.

Tsono mukayamba kuyasamula kosalekeza, zikope kulemera, mutu kugwa n'kudzidzimuka, kapena mukazindikira kuti simukukumbukira ngati mwawoloka kale mlatho wa Bua, musadikire kuti mukafike pa Lumbadzi. Imani. Chimene chimandithandiza ine ndi ichi: ndimayenda ndi fulasiki ya khofi wowawa. Ndikaima ndimamwa kapu imodzi kapena ziwiri, kutchera alamu ya foni mphindi 20, kutseka zitseko n'kugona pomwepo. Khofi sagwira ntchito nthawi yomweyo, amatenga mphindi 20 mpaka 30, ndiye pomwe alamu ikulira iye wayamba kumene. Musapitirire theka la ola, chifukwa mukalowa tulo tofa nato mumadzuka mutu uli zii, osadziwa kuti Kasungu ili mbali iti. Mukadzuka tsikani, zungulirani lole, gogodani matayala, onani zingwe za tenti, sambani kumaso, kenako ndiye muziyenda. Koma zimenezi zimakugulirani ola limodzi kapena awiri okha, si zoti muzidalira usiku ndi usiku.

Poima sankhani malo owala, monga pomwetsera mafuta pamene pali alonda, pa Madisi kapena pa Mponela, kapena pafupi ndi rodibuloko. Osaima pakona kapena m'tchire. Matumba a soya amamera miyendo, komanso wina wosinza ngati inu akhoza kudzakuwombani kumbuyo.

Za windo ndi wailesi mwamva kale kuti ine zonsezo zinali zotsegula. Mtedza wokazinga kapena chimanga chokukuta chimathandizako pang'ono chifukwa pakamwa pamakhala pa ntchito. Ma energy drink ndi khofi yemweyo, kungoti wodzaza shuga, ndipo mukamamwa tsiku ndi tsiku thupi limazolowera. Choipa china, mukamwa madzulo amakulandani tulo tochepa tomwe mukanagona tija. Nsima ya mitanda isanu musananyamuke ayi, idyani pang'ono, mukamalize ku Kanengo. Ndipo chenjerani ndi mankhwala a chimfine. Piriton amagonetsa, mankhwala ena a chifuwa akumwa nawonso chimodzimodzi, choncho muzimuuza wogulitsa kuti ndinu dalaivala. Za mowa sindinena n'komwe, ngakhale botolo limodzi la madzulo.

Mnyamata amene mumayenda naye uja asamangokhala katundu. Ambiri akangokwera amafunda jekete kumutu mpaka Lilongwe. Muuzeni kuti ntchito yake usiku ndi kukuchezetsani ndi kukuyang'anani kumaso, ndipo akanena kuti abwana taimani, musamukalipire.

Koma kunena zoona, chofunika kusintha ndi nthawi yonyamukira. Kuchoka pa Kasungu kukafika ku Kanengo sipakwana makilomita 130. Ndikudziwa kuti mukuthamangira mzere wotsitsa katundu, koma kuthamanga sikufika. Yesani kumaliza kukweza dzuwa lisanalowe, mugone 8 koloko foni itazimitsidwa, munyamuke 4 koloko. Mukhala mutagona maola asanu ndi awiri, ndipo kuzikucherani cha ku Madisi kapena Mponela. Ngati mumagona mokwanira koma tulo osakusiyani, komanso akunyumba amadandaula kuti mumaliza mkonono kwambiri mpaka kumabanika, kaonaneni ndi adokotala, chifukwa alipo matenda otero.

Simunatiuze ngati loleyo ndi yanu kapena ya abwana. Ngati ndi ya abwana ndipo ndi amene amakukakamizani 2 koloko, tiuzeni, tithandizane mawu okawauza.